Chithunzi Changa pa Ukwati wa Eni

Ndinakwatiwa pa foni ine mwini wake osadziwa. Nkhaniyi inandipeza Lolemba m'mawa pamsika wa Namitete ndikuunjika tomato wanga, pamene mayi wogulitsa usipa pafupi nane anandigwira phewa.

"Mayi a Tiyanjane, mpaka kutibisira anzanufe? Nanga nsalu ya ukwati tisoka liti?"

Ndinaseka, ndimayesa ndi nthabwala za pamsika. Amuna anga a Lazaro anamwalira Tiyanjane akadali ku pulayimale, pano mwanayo ali ku sekondale, ndipo chimwalirireni iwo, mwamuna amene wandigwirapo dzanja ndi kondakitala wa minibasi yekha, pondikokera m'kati ndi dengu langa. Koma mayiyo sanaseke nane. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kafoni kake n'kundionetsa.

Parishi yathu ili ndi apu ya pa foni. Anaipanga ndi aphunzitsi a Rachel, amene amaphunzitsa makompyuta ku sekondale, ndipo Lamulungu lililonse amaikamo zolengeza za m'matchalitchi onse a m'parishimu, chilichonse ndi chithunzi chake pambali. Sabata imeneyo munali zolengeza zitatu zotsatana. Choyamba chinali chakuti ine Ursula ndasankhidwa kukhala wapampando wa mphakati, kagulu ka akhristu a m'mudzi mwathu. Chachiwiri chinali ukwati wa Jailosi, tenanti wa ku esiteti ya fodya, ndi bwenzi lake Vainess. Chachitatu chinali Misa yokumbukira agogo ena amene anatisiya chaka chatha.

Pa kafoni ka mayiyo, mawu a chisankho changa anali okhaokha pamwamba, opanda nkhope. Nkhope yanga inali itatsetsereka n'kukakhala pa ukwati wa eni, kumapeto kwa mzere wakuti "Jailosi akufuna kumanga ukwati woyera ndi", itaphimba dzina la mkwatibwi. Ndili pamenepo m'chitenje cha Amayi Achikatolika, mano onse pamtunda, ngati munthu wokondwadi ndi banja latsopano. Chithunzi cha Vainess nacho chinatsikira pa Misa ya omwalira. Ine wokwatiwa, mwana wa eni wakufa.

Ndinatsegula pa kafoni kanga, chimodzimodzi. Ukwatiwo unalengezedwa ku tchalitchi cha kufupi ndi esiteti, ndiye kwathu kunalibe amene anamva dzina la Vainess ndi khutu lake. Anthu anakhulupirira zimene maso awo anaona. Wina anajambula sikirini yake n'kutumiza pa Watsapu, ndipo pofika masana achemwali anga anali ataimba kale kuchokera ku Kabudula kufunsa ngati ndapenga.

Akanakhala manyazi okha ndikanawameza ndi madzi. Koma ine ndine mtengwa. A Lazaro ananditenga ku Kabudula n'kudzandikhazika pamudzi pawo, ndipo atamwalira, tsiku londisudzula, abale awo anagamula kuti ndikhale, ndilere ana pa nthaka ya bambo awo, koma tsiku limene ndidzakwatiwe ndidzasiye nyumba ndi dimba. Dimbalo ndiye mpweya wathu. Lili m'dambo, lili ndi chitsime chimene sichiphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo tomato wa m'menemo ndiye amaphunzitsa Tiyanjane. Alamu anga a Gregory, mng'ono wa malemu, akhala akulimezera mate kuyambira kalekale. Iwo amalima fodya, ndipo nazale ya fodya imafuna madzi m'nyengo imene pamudzi ponse madzi amakhala kwa ine ndekha.

Pobwera kumsika ndinawapeza m'dimbamo akukhoma zikhomo, pa malo amene ndinali nditangotipula kuti ndiwokerepo tomato.

"Alamu, kodi mwasochera?" ndinawafunsa.

"Mwatichititsa manyazi, alamu," anatero osaweramuka n'komwe. "Kukwatiwa si mlandu, koma ife abale kumvera pa foni? Ndiponso ndi tenanti! Loweruka tikakhala pansi kwa amalume a Jonathan. Ine ndangoti ndiyambiretu, fodya sadikira mlandu."

"Jailosiyo ngakhale nkhope yake sindikuidziwa."

"Utsi sufuka popanda moto."

Ndinakwiya kwambiri. Ndinafuna kuzula zikhomozo n'kuwagenda nazo, koma ndinadziwa kuti akufuna zomwezo, kuti Loweruka akanene kuti mtengwa wayamba ndewu. Ndinawasiya akukhomakhoma.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita kusukulu. Aphunzitsi a Rachel ndinawapeza m'chipinda cha makompyuta, ana atatuluka. Ndi mayi wodzisamala, wolankhula mofatsa, ndipo nditawafotokozera anandiyang'ana mwachifundo ngati ndabwera kudzawauza maloto.

"Amayi, pepani, koma mwina munthu wangosewera ndi chithunzi chanu. Taonani." Anatsegula laputopu, kenako foni yawo yaikulu. Konseko zinali bwinobwino, ine pambali pa mawu anga, Vainess pambali pa Jailosi wake, agogo pa Misa yawo.

Sindinatsutse. Ndinangoika kafoni kanga pa tebulo n'kuwauza kuti atsegule okha. Anatsegula, anayang'ana, kenako anagwira pakamwa.

"Mayo ine," anatero. "Ndalakwitsa ndine."

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Popanga apuyo anauza zithunzi kuti ziziima pambali pa mawu. Pa sikirini yotakata malo amakwana, mawu mbali iyi, chithunzi mbali iyo. Koma pa timafoni tating'ono malo amachepa, ndiye chithunzi chimakankhidwa n'kutsikira m'munsi, pa mawu otsatira. Ine ndinamva msanga, chifukwa ndi zimene zimachitika pa benchi ya m'tchalitchi tsiku la Khirisimasi: anthu akathinana, wakumapeto amakagwera pa benchi ya eni. Sabata imeneyo anali atasintha kaikidwe ka zithunzi kuti kazioneka kokongola, koma anangoyesera pa foni yawo ndi ya Bambo Mfumu, wansembe wa parishi yathu. Za timafoni ta ife ogulitsa tomato sanaziganizire.

"Ndikonza pompano," anatero, zala zili kale pa laputopu. "Chithunzi chilichonse ndichimangirira m'kati mwa mawu ake, mawu pamwamba, chithunzi pakati, mawu pansi. Sichidzasunthanso, kaya foni ichepe bwanji."

"Tadikirani, aphunzitsi. Mwati foni yaikulu iliyonse ikuonetsa bwino?"

"Iliyonse."

Apa m'pamene mutu wanga unatseguka. A Gregory ali ndi foni yaikulu ngati mbale ya ndiwo, imene anagula atagulitsa fodya, ndipo amaiika m'thumba la malaya theka lili kunja kuti ngakhale wakhungu aione. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anandiimitsa okha pakhomo n'kundionetsa apuyo pa foni imeneyo. "Awapampando, mwatuluka bwinotu," anatero. Nkhope yanga anaiona pa malo ake, dzina la Vainess analiwerenga. Munthuyo amadziwa zoona zake pamene amakhoma zikhomo m'dimba mwanga.

"Musakonze," ndinatero.

"Amayi?"

"Musakhudze chilichonse mpaka Loweruka."

Aphunzitsi anakana. Anati sangasiye cholakwa chawo chili pa maso pa parishi yonse iwo akudziwa, ndiponso dzina langa likuipiraipira tsiku ndi tsiku. Ndinawauza kuti dzina langa laipa kale, sangalitsuke ndi laputopu. Akakonza lero, Loweruka a Gregory adzatulutsa chithunzi chojambulidwa chija n'kunena kuti ndathamangira kukafufutitsa chifukwa chinsinsi chaululika. Amalume a Jonathan sapemphera nafe, za maapu sazidziwa, ndipo pakati pa mawu a mtengwa ndi a mwana wa mlongo wawo adzasankha a magazi awo. Ndimafuna kuti aone ndi maso awo foni yaing'ono ikunama, yaikulu ikunena zoona, nthawi imodzi.

"Nanga Vainess?" anafunsa aphunzitsi. "Simuli nokha m'vutoli. Mtsikanayo pa mafoni a anthu ndi maliro."

Pamenepo ananena zoona. Aphunzitsi anamuimbira Vainess foni n'kuika pa sipika, ndipo ndinamufotokozera ndekha zonse, za dimba ndi za alamu anga, ndikuyembekeza kuti anditukwana. Koma Vainess anangoseka.

"Amayi anga ku Phalombe analira dzulo tsiku lonse, koma ndawauza kuti ndikupuma," anatero. "Ndafa kale pa foni, kufa mpaka Loweruka sikundipweteka. Ife matenanti timadziwa kuwawa kolima pa nthaka ya eni. Musawapatse dimbalo, amayi."

Aphunzitsi anatseka laputopu mosakondwa. Anati Loweruka abwera okha kudzafotokoza, poti chisokonezocho anayambitsa ndi iwo.

Masiku otsatirawo anali owawa, sindinama. Tiyanjane anabwera kusukulu maso ali psuu, anzake akumufunsa ngati bambo ake atsopano amusiyira kamtsuko ka fodya. Anandichonderera kuti ndikauze aphunzitsi achotse chithunzicho, kapena ndiyambe ndasiya kupita kumsika.

"Amayi, anthu akukulozani zala."

"Azilozera, zala ndi zawo. Ndikabisala ndiye kuti ndavomera."

Ndinapita kumsika tsiku lililonse, ndipo ndinavala dala chitenje chomwecho cha pa chithunzi. Amene amandifunsa za ukwati ndimawayankha kuti tomato alipo wa mulu waukulu ndi waung'ono. Amayi ena a mu mphakati anasiya kundipatsa moni, amayi omwewo amene anandikwezera manja pa chisankho. Zimenezo zinandibaya kuposa matukutuku a anyamata a kabaza. Ndimalira ndili ndekha m'bafa, kenako n'kusukusula kumaso n'kutuluka. Uku a Gregory sanagone. Anaumba mabedi m'dimba mwanga, anafesa fodya, anaphimba ndi udzu, n'kumathirira ndi madzi a chitsime changa ine ndikuona.

Loweruka tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa amalume a Jonathan, amene ndi mwinimbumba wa banja la amuna anga. Ndi bambo wokonda mtendere mopitirira muyeso, wofuna kuti mlandu uliwonse uthe nthawi ya chakudya isanakwane. Abale anabwera ambiri, ena amene sindinawaone ngakhale pa maliro a a Lazaro. Aphunzitsi a Rachel anakhala pambali panga pa mphasa.

A Gregory analankhula nthawi yaitali, akutchula malemu mkulu wawo mawu akunjenjemera. Anayendetsa chithunzi chojambulidwa chija kuti aliyense aone. Atatha, amalume anandiyang'ana.

"Mayi a Tiyanjane, mwamva. Muli ndi mawu?"

"Mawu ndilibe ambiri, amalume. Ndikungopempha kuti aliyense amene ali ndi apu ya parishi aitsegule, aike foni yake pa mphasa apa."

Timafoni tinatuluka m'zitenje ndi m'matumba. Tonse tinali tating'ono, ndipo pa tonse ndinali mkazi wa Jailosi. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kuseka kuti ndadzimangirira ndekha chingwe. Aphunzitsi anaika foni yawo yaikulu pambali pake. Amalume anaweramira, anayang'ana iyi, anayang'ana iyo, anavala magalasi n'kuyang'ananso. Aphunzitsi anafotokoza za malo ochepa ndi zithunzi zotsetsereka, n'kupepesa pamaso pa onse osadzibisa.

"Foni ya amene anapanga apu ingakane bwanji mwini wake?" anatero a Gregory. "Agwirizana awa."

"N'chifukwa chake ndikupempha yanu, alamu," ndinatero. "Yatsala yanu yokha. Ikusuzumira m'thumbamo."

"Ndilibe bando."

"Ndikugawirani intaneti ya pa foni yanga, bambo," anatero aphunzitsi.

A Gregory anayamba kunena kuti foni ndi chinthu cha munthu payekha, koma amalume anangotambasula dzanja, ndipo dzanja la amalume silibwezedwa lopanda kanthu. Apu inatseguka. Amalume anawerenga mokweza, chala chikutsata mawu: Jailosi akufuna kumanga ukwati woyera ndi Vainess. Pambali pake panali kamtsikana kowonda, kovala duku lobiriwira. Ine ndinali pamwamba, pa mawu anga.

"Gregory," anatero amalume, "foni yakoyi ikuonetsa chonchi kuyambira liti?"

"Ine sindinatsegule, malume. Ndinangolandira pa Watsapu."

"Lamulungu pakhomo la tchalitchi munandionetsa chiyani, alamu?" ndinafunsa. "Amene anati awapampando mwatuluka bwino ndi ndani?"

A Gregory anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana nkhuku imene imadutsa. Mumtima mwanga ndinamva kukoma kumene sindidzakuiwala.

Amalume anatsokomola n'kuyamba kugamula. Anati ukwati palibe, Mayi a Tiyanjane ndi mayi wa pamudzi pano, nyumba ndi yawo, dimba ndi lawo. Gregory walakwa ndipo apepese. A Gregory anang'ung'udza kanthu kena kofanana ndi pepani, maso ali pa nsapato zawo.

"Komatu," anapitiriza amalume, "fodya wafesedwa kale, ndipo mbewu ilibe mlandu. Nazaleyo ikhale mpaka mvula igwe, Gregory akawokere kumunda kwake, kenako dimba libwerere kwa mwini wake. Tonse ndife amodzi, tisataye mbewu chifukwa cha foni. Si choncho, abale?"

Abale anavomera ndi mitu, osangalala kuti mlandu watha bwino. A Gregory nkhope inayamba kubwerera m'malo.

Ine ndinaona msampha wake. Nyengo ya tomato wanga ndi yomweyi, mvula ikagwa dambo limadzaza madzi ndipo dimba limagona mpaka chaka chamawa. Ndiye kuti chaka chino Tiyanjane akhala pakhomo kuti fodya wa munthu wabodza amere. Chaka chamawa adzati nazale inali pompa chaka chatha, ikhalenso. Ndi mmene amasiye amalandidwira pamudzi, pang'onopang'ono, aliyense akumwetulira. Munthu wandinamizira, wandiyendetsa pamsika ndi manyazi sabata yathunthu, ndipo malipiro ake n'kupatsidwa chinthu chomwe amafunacho.

"Amalume, mbewu ilibe mlandu, koma wofesayo ali nawo," ndinatero. "Sindikuvomera."

"Mayi a Tiyanjane, nkhani yatha. Musaonjeze."

Ndinagwada, ndinaomba m'manja monga mwa ulemu, n'kudzuka. Anthu anayesa ndikupita kukalira. Ndinalowa m'nyumba mwanga, ndinatenga khasu, n'kulunjika kudambo. Ndikudutsa pa mtengo wa mango paja ndinamva wina akuti, "Eee, taonani mtengwa uja!" Sindinatembenuke.

Mabedi anali atayalidwa bwino, udzu uli wonyowa, timbewu tili m'dothi tikudikira kumera. Ndine mlimi, ndipo kupha mbewu kumandiwawa ngakhale ikhale ya mdani. Ndinaima kaye pang'ono. Kenako ndinakankha udzuwo ndi phazi n'kugwetsa khasu.

Pofika pakati pa bedi loyamba, mudzi wonse unali utaima kumtunda. A Gregory amakuwa kuti andimangitsa, koma m'dimbamo sanatsikiremo. Tiyanjane anatsika, anazula zikhomo n'kuziunjika m'mphepete. Aphunzitsi a Rachel anafika pafupi atanyamula nsapato m'manja.

"Amayi, ndikonze tsopano?"

"Konzani, muukitse Vainess. Koma chithunzi changa chomwetulira chija muchotse. Ndijambuleni pano."

"Chonchi? Ndi matopewa?"

"Chonchi. Muchiike pakati penipeni pa mawu anga, pamene sichingasunthe."

Anandijambula nditagwira khasu, thukuta lili kamukamu, matope mpaka m'mawondo. Anakhala pa mulu wa udzu uja, laputopu pa miyendo, ndipo ndisanamalize bedi lachiwiri anandipatsa kafoni kanga. Dzina langa linali pamwamba, ine pakati ndi dimba langa kumbuyo, mawu otsala pansi. Kumtunda kuja timafoni tinayamba kutuluka m'zitenje.

Amalume a Jonathan anatsika pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka pamene ndimalima. Nkhope yawo inali yachisoni kuposa yaukali, ndipo zimenezo zinandikhudza, chifukwa bamboyo sanandichitirepo choipa.

"Mayi a Tiyanjane, mwandinyoza pamaso pa mbumba yanga."

"Ndakunyozani, amalume, sindikukana. Mawa ndibwera ndi tambala kudzapepesa, ndipo mukafuna mbuzi ndidzaifuna. Chindapusa chilichonse ndilipira. Koma muno muwokeredwa tomato."

Anayang'ana khasu langa. Kenako anasuntha phazi lawo, chifukwa anali ataponda pamene khasu limapita.